Kodi Mungachepetse Ntchito Musanafike Paukalamba?

1, 2. (a) Kodi ndi funso lotani limene antchito ambiri amadzifunsa? (b) Kodi ena alinganiza kuchitanji, ndipo kaamba ka zifukwa zotani?

M'MAŴA uliwonse, kunja kusanayere bwino, anthu zikwi zambiri mu Cape Town amakwera maminibasi ndi mabasi kuchokera ku Khayelitsha, Dunoon, Masiphumelele, ndi Imizamo Yethu kumka kuntchito. Pakati pawo pali Amalaŵi, Azimbabwe, ndi anthu a ku Mozambique, amene ambiri a iwo amasamalira maluŵa ndi kapinga panyumba za eni, kuphika m'malesitilanti, kulera ana, kapena kumanga. Ena ali ndi ntchito za mu ofesi, m'zipatala, ndi m'masukulu. Atachita zimenezi kwa zaka 20 kapena 30, ambiri amayamba kudzifunsa kuti, 'Kodi ndiyenera kudikira kufikira nyonga yanga yonse itatha ndisanapeze mpata wa kupuma?'

2 Ena alinganiza njira yapakati. M'malo mwa kuleka ntchito kotheratu, iwo amaleka ntchito ya mlungu wathunthu ali ndi zaka 45, 50, kapena 55, nayamba kugwira masiku aŵiri kapena atatu okha pamlungu. Ndalama zimene zikupereŵera amazitapa pa zimene anasunga ndi kuziika m'malonda opindulitsa. Zifukwa zawo kaŵirikaŵiri nzabwino: kusamalira kholo lodwala, kukhala pafupi ndi ana amene akusinkhuka, kuthandiza ena mongodzipereka, kapena kupumitsa msana ndi maondo zimene zayamba kudandaula. Makonzedwe otero amaima pamiyendo iŵiri, malipiro a ntchito yochepayo ndi phindu la ndalama zosungidwa. Anthu ambiri amayang'anitsitsa mwendo wachiŵiriwo. Komabe, monga mmene tidzaonera, mwendo woyambawo ndiwo umasenza katundu wolemera koposa.

Kodi Masiku Atatu a Ntchito Ali ndi Mtengo Wotani?

3. Kodi William Bengen anafufuza chiyani, ndipo anapeza zotani?

3 Choyamba, kodi munthu angatape zochuluka motani chaka chilichonse popanda kutha ndalama zake iye akali ndi moyo? Mu 1994, mlangizi wina wa zandalama wa ku United States, William Bengen, anafalitsa zimene anapeza atapenda mitengo ya masheya ndi ya mabondi a boma m'dzikolo kuyambira mu 1926. Iye anayerekezera munthu wopuma pantchito m'chaka chilichonse cha nyengo imeneyo, kuphatikizapo zaka zoipitsitsa za m'ma 1930 ndi za m'ma 1970. Anapeza kuti munthu wotapa pafupifupi 4 peresenti m'chaka choyamba, ndiyeno nkumawonjezera ndalamazo chaka ndi chaka mogwirizana ndi kukwera mitengo kwa zinthu, sakanatha chuma chake zisanakwane zaka 30, malinga ngati theka lake kufikira magawo atatu mwa magawo anayi linali m'masheya.

4, 5. (a) Kodi mungaŵerengere motani ndalama zofunika kuti muleke ntchito kotheratu? (b) Kodi malipiro a masiku atatu pamlungu amalingana ndi chuma chochuluka motani?

4 Chiŵerengero chimenecho chingatembenuzidwe. Ngati mutapa 4 peresenti pachaka, ndiye kuti mufunikira kusunga ndalama zoŵirikiza nthaŵi 25 zimene mumawononga pachaka. Tiyerekezere kuti banja lina mu Cape Town limawononga R15,000 pamwezi pa lendi, chakudya, magetsi, ulendo, ndi zotumiza kumudzi. Pachaka, zimenezo ndi R180,000. Kuti banjalo lileke ntchito kotheratu, lingafunikire R4,500,000. Ndi antchito angati amene adzaona ndalama zotero m'moyo wawo wonse? Ambiri akamva chiŵerengero chimenechi amangoseka ndi kuiŵala nkhaniyo.

5 Koma tsopano talingalirani mbali inayo. South Africa anakhazikitsa malipiro otsikitsitsa a dziko lonse pa January 1, 2019, pa R20 pa ola. Mu March 2022 antchito apanyumba anafika pamlingo wofanana ndi wa antchito ena, ndipo mu March 2025 malipirowo anakwezedwa kufika pa R28.79 pa ola. Pamlingo umenewo, munthu wosamalira maluŵa kwa maola 8 patsiku, masiku atatu pamlungu, amapeza pafupifupi R3,000 pamwezi, kapena R36,000 pachaka. Kodi pangafunike chuma chochuluka motani kuti chibale R36,000 pachaka pa 4 peresenti? R900,000! Inde, masiku atatu a ntchito yolipidwa motsikitsitsa m'dzikolo amachita zimene ndalama zoyandikira miliyoni imodzi zikanachita. Munthu amene amanyoza ganyu wake wa Lolemba, Lachitatu, ndi Lachisanu ayenera kusinkhasinkha pa chiŵerengero chimenecho.

6. Kodi ntchito ya maola ochepa imasintha motani mkhalidwe wa banja la m'chitsanzo chathu?

6 Tiyeni tibwerere ku banja lija. Ngati mwamuna ndi mkazi wake pamodzi apeza R8,000 pamwezi mwa kugwira ntchito masiku oŵerengeka, ndalama zopereŵera zimakhala R7,000 pamwezi, kapena R84,000 pachaka. Kuŵirikiza nthaŵi 25, zimenezo ndi R2,100,000. Ndalamazo zikali zambiri, koma nzosakwana theka la zoyamba zija. Ndipo ngati banjalo lichepetsa zowononga zake ndi R2,000 pamwezi, mwinamwake mwa kugulitsa galimoto kapena kumaliza ngongole ya kusitolo, chuma chofunikacho chimatsika ndi R600,000 ina. Chotero R1,000 iliyonse imene mupeza kapena kuleka kuwononga pamwezi ili yofanana ndi R300,000 yosungidwa. Anthu ochepa okha ndiwo angasunge R300,000 m'zaka ziŵiri kapena zitatu, pamene kuli kwakuti ambiri angapeze njira ya kuchepetsa R1,000 pa zowononga zawo mwezi uno.

7, 8. Kodi nchifukwa ninji chiŵerengero cha 4 peresenti chiyenera kugwiritsiridwa ntchito mosamala?

7 Komabe, chiŵerengero cha Bengen si lamulo lachilengedwe. Iye anapenda dziko limodzi lokha, dziko limene malonda ake anayenda bwino kwambiri m'zaka za zana la 20. Ndiponso, anaŵerengera zaka 30. Munthu wochepetsa ntchito pausinkhu wa zaka 48 angafunikire ndalamazo kwa zaka 40, ndipo ntchito yake ya masiku atatu sidzapitiriza kufikira mapeto. Tsiku lidzafika pamene manja adzakana kugwira fosholo, ndipo kuyambira pamenepo ndalama zosungidwazo zidzasenza katundu yense zokha. Kaamba ka chimenechi, nkwanzeru kwa munthu woyamba msanga kutapa zocheperapo, mwinamwake 3 peresenti, kotero kuti chumacho chipitirize kukula m'zaka zimene iye akali kugwira ntchito.

8 Ndiyeno pali akuba aŵiri amene samathyola chitseko. Woyamba ndiye kukwera mitengo kwa zinthu. Mu South Africa kunapitirira 20 peresenti kuchiyambi kwa 1986, ndipo ngakhale m'zaka zabata za pambuyo pake kunafika pa 7.8 peresenti mu July 2022. Mitengo ikamakwera ndi 6 peresenti pachaka, ndalama zimataya theka la mphamvu yake m'zaka 12. Wachiŵiri ndiye malipiro a makampani osunga ndalamazo. Ngati kampani ndi mlangizi wake atenga 2 peresenti pachaka pa R2,100,000, iwo amalandira R42,000, limene lili theka la zimene banja lija limatapa kuti lidye! Nzodabwitsa kuti munthu amene amanenerera mtengo wa mulu wa tomato pamsika amasaina pepala lotero popanda kufunsa funso lililonse. Funsani kuti malipiro onse pamodzi ndi maperesenti angati pachaka, ndipo pemphani kuti akulembereni.

Ndalama Zanu Zimene Simungazikhudze Msanga

9, 10. (a) Kodi ndi vuto lotani limene munthu wochepetsa ntchito asanafike zaka 55 amayang'anizana nalo? (b) Kodi makonzedwe a "miphika iŵiri" amagwira ntchito motani?

9 Kukhala ndi ndalama ndi kukhoza kuzitenga ndi zinthu ziŵiri zosiyana. Cape Town ndiko kunabadwira makampani ena aakulu osunga ndalama za penshoni: Old Mutual inayambira kumeneko mu 1845, ndipo Sanlam mu 1918. Koma malamulo a dzikolo amatsekera mbali yaikulu ya ndalama za penshoni kufikira mwiniwake atakwanitsa zaka 55. Zoonadi, munthu wosiya ntchito asanafike usinkhu umenewo angatenge ndalama zina za kuthumba la penshoni la kuntchito kwake, koma msonkho wake ngwoŵaŵa. Malinga ndi ziŵerengero zimene zinayamba kugwira ntchito mu March 2023, wotenga ndalamazo msanga amakhululukidwa msonkho pa R27,500 yoyamba yokha, pamene wodikira kufikira nthaŵi ya kupuma pantchito amakhululukidwa pa R550,000 yoyamba.

10 Pa September 1, 2024, panayamba makonzedwe atsopano amene anthu amawatcha a "miphika iŵiri." Pa ndalama zonse zimene wantchito amasonkha kuyambira tsikulo, magawo aŵiri mwa magawo atatu amaloŵa mumphika wotsekedwa kufikira pamene adzapuma pantchito, ngakhale atasiya ntchitoyo. Gawo lachitatu limaloŵa mumphika umene angatapemo kamodzi m'chaka cha msonkho, malinga ngati atapa R2,000 kapena kuposerapo. Kuti mphika wachiŵiriwu usayambe uli wopanda kanthu, boma linalola kuikamo 10 peresenti ya ndalama zakale, koma osapitirira R30,000. M'miyezi isanu yoyamba, anthu anatapa ndalama zoposa R40 biliyoni.

11. Kodi nchifukwa ninji mphika wotsegukawo suli malipiro owonjezera?

11 Ambiri a iwo anali pamavuto enieni, ndipo sitingawaweruze. Koma munthu wolinganiza kuchepetsa ntchito ayenera kudziŵa kuti zotapa mumphika umenewo zimawonjezeredwa pa malipiro ake a chakacho ndi kukhomeredwa msonkho pamlingo wake wapamwamba, ndipo ngati ali ndi ngongole ya msonkho, boma limayamba latengako zake. Ndiponso, R30,000 yosiyidwa kwa zaka 15, ikumakula ndi 5 peresenti pachaka pamwamba pa kukwera mitengo, imaŵirikiza kaŵiri mphamvu yake. Wotapa lero amakhala akudya mbewu.

12. Kodi ndalama zodyera m'zaka zapakatizo zingasungidwe kuti?

12 Motero, munthu wofuna kuchepetsa ntchito pausinkhu wa zaka 48 afunikira thumba lina lapadera lomuolotsa zaka 7 zimenezo kufikira atafika 55. Njira imodzi ndiyo akaunti yosakhomeredwa msonkho, imene inayamba mu March 2015. Phindu lonse la mmenemo ndi la mwiniwake, ndipo angatape nthaŵi iliyonse. Koma ili ndi malire: mu 2020 malire apachaka anaikidwa pa R36,000, a moyo wonse ali R500,000, ndipo woikamo zopitirira amalipitsidwa 40 peresenti ya zopitirirazo. Zimene mwatapa sizimabwezeretsa malo amene munagwiritsira ntchito kale. Popeza kuti boma limasintha ziŵerengero zotero nthaŵi ndi nthaŵi, tsimikizirani za malire a chaka chimene mukuikamo. Oŵerenga a m'maiko ena adzafunikira kufufuza malamulo a kwawo, pakuti dziko lililonse lili ndi usinkhu wake ndi misonkho yake.

13, 14. Kodi ndi mapindu ena ati amene angatayike pamene munthu aleka ntchito ya mlungu wathunthu?

13 Ntchito ya mlungu wathunthu imabwera ndi zinthu zina zimene sizimaonekera bwino papepala la malipiro. Wolemba ntchito kaŵirikaŵiri amasonkhako ku penshoni, ndipo nthaŵi zina ku inshuwalansi ya moyo ndi ya chipatala. Zonsezi zimaleka. Thumba la boma lothandiza otaya ntchito, lotchedwa UIF, silimalipira munthu amene wasiya ntchito mwa kufuna kwake. Ndipo lamulo la 1998 la mabungwe olipirira zachipatala limalola bungwe kulipiritsa chilango munthu woloŵa ali ndi zaka 35 kapena kuposerapo atakhala kunja kwa zaka zambiri. Chilangocho chingafike pa 75 peresenti ya zosonkha za mwezi ndi mwezi. Munthu wotuluka pausinkhu wa zaka 50 akumalingalira kuti adzaloŵanso matenda akadzayamba ayenera kuŵerengera zimenezo pasadakhale.

14 Bwanji ponena za ndalama za okalamba zimene boma limapereka? Zimayamba pausinkhu wa zaka 60, ndipo mu April 2024 zinali R2,180 pamwezi. Zimaperekedwa kokha kwa awo amene malipiro ndi chuma chawo zili pansi pa mlingo woikidwa, ndiponso kokha kwa nzika, kwa okhala ndi chilolezo cha kukhala m'dzikolo kwachikhalire, ndi kwa othaŵa kwawo ovomerezedwa. Mlendo wokhala ndi chilolezo cha kanthaŵi sangazidalire. Iye afunikiranso kufunsa ngati chilolezo chakecho chili chomangidwa pa wolemba ntchito mmodzi, pakuti ngati zili choncho, kusiya ntchitoyo kungakhudze kuyenera kwake kwa kukhala m'dzikolo.

Pamene Miyendo Yonse Iŵiri Iterereka Pamodzi

15, 16. Kodi zochitika za mu 2020 ndi za mu 2018 zimasonyeza ngozi yotani?

15 Tsopano tafika pa nkhani imene olinganiza ambiri samaiona. Iwo amalingalira kuti ngati masheya atsika, malipiro adzawachirikiza, ndipo ngati ntchito isoŵa, ndalama zosungidwa zidzawachirikiza. Koma tsoka limene limagwetsa chimodzi kaŵirikaŵiri limagwetsanso chinacho. Mu March 2020, pamene mliri wa COVID-19 unafalikira, mitengo pamsika wa masheya wa Johannesburg inatsika ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu poyerekezera ndi kuchiyambi kwa chakacho. Pa March 27 dziko lonse linatsekedwa. Mu Cape Town, mzinda wodalira kwambiri alendo odzaona malo, mahotela, malesitilanti, ndi minda yampesa yolandira alendo zinatseka zitseko. Eni nyumba anauza antchito awo kuti ayambe akhala kwawo. Ndani amene anali oyamba kuuzidwa zimenezo? Antchito a masiku oŵerengeka, makamaka awo amene sanalembetsedwe ku UIF, ngakhale kuti lamulo limafuna kuti aliyense wogwira maola oposa 24 pamwezi kwa wolemba ntchito mmodzi alembetsedwe.

16 Zaka ziŵiri zimenezo zisanachitike, mzindawo unatsala pang'ono kutha madzi. Damu lalikulu la Theewaterskloof linasanduka mchenga m'mbali zake zambiri, ndipo kuyambira pa February 1, 2018, munthu aliyense analoledwa malita 50 okha patsiku. Kuthirira maluŵa ndi madzi akumpopi kunaletsedwa. Kapinga wouma safuna womutchetcha, ndipo m'mafamu a chigawo cha Western Cape antchito zikwi zambiri a panyengo yokolola anasoŵa ntchito. Chilala chimenecho sichinagwetse msika wa masheya, koma chinasonyeza mmene ntchito ya mtundu umodzi ingathere panthaŵi imodzi kwa onse oigwira.

17. Kodi nchifukwa ninji kugulitsa masheya pamene atsika kuli kovulaza kwambiri m'zaka zoyambirira?

17 Kodi nchifukwa ninji zimenezi zili zangozi kwambiri? Tiyerekezere kuti munthu ali ndi R1,000,000 m'masheya ndipo amatapa R40,000 pachaka. Mitengo itatsika monga mu 2020, iye amatsala ndi pafupifupi R670,000. Ngati ntchito yake ya R36,000 pachaka yathanso, ayenera kutapa R76,000, zimene zili zoposa 11 peresenti ya zotsalazo. Pofika kumapeto kwa 2020 msika wa Johannesburg unali utabwerera pamene unali, koma masheya amene iye anagulitsa motchipa mu April sanabwerere nawo. Ndipo si nthaŵi zonse pamene msika umachira mofulumira chotero. Chaka choipa chodza kuchiyambi kwa ulendowo chimavulaza koposa chaka choipa chodza pambuyo pa zaka 20, chifukwa chakuti zimene zatayika kuchiyambi zikanakhala zikubala kwa zaka zonse zotsatira.

18. Kodi munthu angachitenji kuti adzitetezere?

18 Chotetezera chosavuta koposa ndicho ndalama zapafupi, zosungidwa m'banki kumene sizimatsika mtengo, zokwanira kulipirira zowononga zonse za panyumba kwa chaka chimodzi, osati zopereŵera zokha zija. Nzoona kuti chiwongoladzanja chake nchochepa. Koma paja akuluakulu amati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Nkwanzerunso kugaŵa masiku atatuwo kwa olemba ntchito aŵiri kapena atatu m'malo mwa mmodzi, ndi kukhala ndi luso lachiŵiri losadalira nyengo imodzimodziyo: wosamalira maluŵa amene amadziŵanso kupenta kapena kukonza mipopi sanakhale chabe m'chilala cha 2018. Ndipo musalole maluso anu kuchita dzimbiri. Munthu amene angabwerere ku ntchito ya mlungu wathunthu kwa chaka chimodzi zinthu zitavuta ali ndi chitetezo chimene kampani iliyonse ya inshuwalansi singamugulitse.

Chenjerani ndi Olonjeza Phindu Lalikulu

19, 20. (a) Kodi nchifukwa ninji ofuna kupuma msanga amanyengedwa mosavuta? (b) Kodi tikuphunziranji pa zimene zinachitika mu Cape Town ndi m'madera apafupi?

19 Munthu akaŵerengera napeza kuti ndalama zake nzosakwanira, chiyeso chimakhala cha kufunafuna malo amene zingabale mofulumira. Onyenga amadziŵa bwino lomwe zimenezi, ndipo mbiri ya Cape Town ili ndi zitsanzo zomvetsa chisoni. Mu 1991 gulu la makampani la Masterbond linagwa, ndipo anthu oposa 20,000, ambiri a iwo okalamba amene anakopeka ndi chiwongoladzanja chokwererapo, anapeza kuti ndalama zawo zinali pangozi. Mu 2007 kampani ya Fidentia inalandidwa kwa oyendetsa ake mwa lamulo la khoti. Pakati pa ndalama zimene inali kusunga panali za akazi amasiye ndi ana amasiye zikwi makumi ambiri a ogwira ntchito m'migodi. Mu December 2020 Mirror Trading International ya ku Stellenbosch, imene inalonjeza phindu lokhazikika pa ndalama za pakompyuta zotchedwa Bitcoin ndi kufupa mamembala obweretsa anzawo, inagwa mwiniwake atathaŵira kunja.

20 Onani kuti makonzedwe otero kaŵirikaŵiri amafika kupyolera mwa munthu amene mumamdalira: mnansi, wachibale, kapena bwenzi lapamtima, amene iye mwiniyo wanyengedwa. Kukana bwenzi nkovuta, koma ubwenzi wake sudzabweza ndalamazo. Funsani ngati kampaniyo ili ndi chilolezo cha bungwe la boma loyang'anira makampani a zandalama, limene mu South Africa limatchedwa FSCA, ndipo dzifufuzireni nokha m'malo mwa kukhulupirira pepala limene akusonyezani. Ngakhale kampani yaikulu yodziŵika ingagwe. Mu December 2017 masheya a Steinhoff, imene malikulu ake analinso ku Stellenbosch, anatsika ndi oposa 80 peresenti m'masiku oŵerengeka pamene zinadziŵika kuti mabuku ake a ndalama anali okayikitsa. Awo amene anali ndi masheyawo monga mbali yaing'ono ya thumba la makampani ambiri anapwetekedwa pang'ono. Awo amene anaika zonse pamenepo anatsala manja lendee.

Bwanji Ponena za Kubwerera Kumudzi?

21. Kodi kubwerera kwanu kumasintha motani chiŵerengerocho?

21 Kwa alendo ambiri mu Cape Town, cholinga chenicheni ndicho kubwerera ku Nkhata Bay, Mzimba, Mangochi, Chipata, kapena Tete, kumanga nyumba, ndi kukhala ndi munda ndi kabizinesi. Zimenezi zingachepetse zowononga kwambiri, pakuti lendi imatha ndipo chimanga chimachokera m'nkhokwe. Munda ndi kagolosale ndiwo amakhala ntchito ya maola ochepa ija. Koma funso la kumene ndalama zosungidwazo zidzakhala limakhala lalikulu. Kwacha ya Malaŵi inachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022 ndiponso ndi 44 peresenti mu November 2023, ndipo kuchiyambi kwa 2024 mitengo ya zinthu inali kukwera ndi oposa 30 peresenti pachaka. Mu Zimbabwe, kukwera mitengo kosaneneka kwa mu 2008 kunasandutsa mapenshoni a moyo wonse kukhala ndalama zosagula ndi buledi yemwe. Munthu amene asintha chuma chake chonse kukhala ndalama ya dziko limodzi patsiku limodzi amaika ukalamba wake wonse pa chosankha chimodzi chimenecho.

22. Kodi nkhani ya achibale iyenera kusamaliridwa motani?

22 Palinso achibale. Wobwera kuchokera ku Joni kapena ku Cape amaonedwa kukhala wopeza bwino, ndipo fizi, feteleza, matenda, ndi maliro zidzafika pakhomo pake. Kuthandiza nkoyenera ndipo kumadzetsa chimwemwe. Koma ngati thandizo limenelo silinalembedwe pa zowononga za pamwezi, lidzatengedwa pa mbewu ija. Mwamuna ndi mkazi wake ayenera kugwirizana za mlingo wake asanachepetse ntchito, ndipo nkwachifundo kuuza achibalewo pasadakhale kuti zotumiza zidzachepa, m'malo mwa kungoleka mwadzidzidzi. Okwatirana ena aona kukhala kothandiza kuyesa kaye: kwa miyezi 12 akali pantchito yonse, amakhala ndi moyo pa ndalama zimene akuyembekezera kudzakhala nazo, nasunga zotsalazo. Ngati chakacho chiwathera bwino, zosungidwazo zimakhala chiyambi cha thumba lapafupi lotchulidwa m'ndime 18. Ngati chiwakanika, adziŵa zimenezo ntchito ikali m'manja.

23. Kodi chokumana nacho cha amene anagwira ntchito m'migodi chimatiphunzitsanji ponena za mapepala?

23 Potsiriza pali nkhani ya mapepala, imene Amalaŵi achikulire amaidziŵa bwino. Amuna zikwi zambiri anapita kumigodi ya South Africa kupyolera mwa Wenela, imene pambuyo pake inatchedwa TEBA. Kulemba antchitowo kunaimitsidwa mu 1974 ndege itagwa ku Francistown, mu Botswana, ndi kupha Amalaŵi oposa 70 obwerera kwawo. Kunayambanso mu 1977 ndi kutha mu 1988. Kwa zaka makumi ambiri pambuyo pake, amuna ameneŵa ndi akazi awo amasiye akhala akuyendera maofesi kufunafuna ndalama zimene amakhulupirira kuti zinatsala m'matumba a penshoni, ndipo ambiri alephera chifukwa chosoŵa nambala yawo ya kuntchito kapena chifukwa chakuti dzina linalembedwa mosiyana ndi la pachiphaso. Mu 2022 FSCA inanena kuti makampani a zandalama a South Africa anali kusunga pafupifupi R88 biliyoni imene eni ake sanaitenge, mbali yaikulu ili m'matumba a penshoni. Chotero musanachoke pantchito iliyonse, lembani dzina la thumba la penshoni, nambala yanu ya umembala, ndi kampani imene imaliyendetsa. Tsimikizirani kuti dzina lanu lalembedwa monga mmene lilili papasipoti, lembetsani maina a odzalandira ndalamazo inu mutamwalira, ndipo perekani kope la mapepalawo kwa mnzanu wamuukwati ndi kwa wachibale mmodzi wodalirika kumudzi.